Kuperekeza atsikana kumpikisano wa mpira: ntchito yaikulu ili pamsewu ndi usiku

Mayi wina wa m'gulu la Mother Group, la amayi othandiza atsikana pa maphunziro, pasukulu ina ya pulayimale ku Phalombe wanditumizira imelo. Aphunzitsi aakulu awapempha kuti aperekeze timu ya atsikana ya ntchemberembaye kumpikisano wa masiku awiri, komwe akagone m'kalasi. Aphunzitsi a zamasewero ndi bambo, ndipo mphunzitsi wamkazi yekhayo pasukulupo ali ndi khanda. Akufunsa ngati n'koyenera kuvomera, komanso kuti akachita chiyani kumeneko poti malamulo a mpirawo sawadziwa.

Mayi, vomerani. Za malamulo a mpira zisakudetseni nkhawa, pakuti pabwalo pamakhala oimbira, aphunzitsi ndi khamu la anthu. Ana amafunika kholo pamene khamulo labalalika.

Musanayankhe aphunzitsi aakulu, afunseni kuti ulendowu ndi wa galimoto yanji. Kumudzi kawirikawiri imakhala lole yapamtunda, ana ataimirira, nyimbo zili pakamwa, ochemerera akudumphiramo m'njira. Umirirani kuti aliyense akhale pansi ndipo asakwere munthu amene dzina lake mulibe m'kope lanu. M'kopemo lembani dzina la mwana aliyense, mudzi wake ndi nambala ya foni ya kholo kapena ya mnansi, ndipo muziitana mayina paliponse pamene mwaima. Dalaivala mumuone ndi maso anu asanalize galimoto pobwerera, chifukwa ena amadikira mpira uthe ali pamowa. Inu a ku Phalombe mukudziwa zomwe namondwe wa Freddy anachita ndi misewu ndi milatho mu Malichi 2023, ndipo mukudziwanso kuti mitsinje yochokera kuphiri imadzaza ngakhale pamene mwaimapo pasanagwe dontho. Madzi akakwera, ana adikire kutsidya, ngakhale mpikisano uwapite.

Tsono usiku. Inu mugone m'chipinda chomwecho ndi atsikanawo, mphasa yanu pakhomo. Fikani kukadali kowala kuti muone ngati chitseko chimatsekeka, mawindo ali bwanji, chimbudzi chili kuti. Tochi ikhale yanu, osadalira ya pafoni poti kumeneko mwina kulibe potchajira. Wopita kuchimbudzi apite ndi mnzake, inu mukudziwa. Mwamuna aliyense asalowe m'chipindacho, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wakomiti. Wina akati akufuna kupatsa kaputeni malangizo a mawa, alankhule pakhonde inu muli pomwepo. Mphunzitsi wa mtima wabwino sangakhumudwe nazo, chifukwa zimatetezanso mbiri yake. Izi mugwirizane pamaso pa komiti ya sukulu musananyamuke, kuti usikuwo musaoneke ngati mukulimbana ndi munthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa maulendo otere ndi njala. Mtsikana wachoka kwawo mbandakucha osadya, m'thumba mulibe ngakhale ya mandasi, anzake akugula tchipisi. Wakabaza kapena mnyamata wa pamsika akamugulira Fanta, mwanayo amaona ngati wapeza wachifundo, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepo. Choncho nkhani ya chakudya musaitenge ngati yaing'ono. Makolo asonkhe ufa, nyemba kapena soya pisi, mchere, mafuta ndi nkhuni, ana onse adyere pamodzi, wa ndalama ndi wopanda yemwe. Amene akufuna kukagula kanthu kumsika apite pagulu, inu muli nawo. Kumbukirani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale thupi litakula chotani. Mwana akakuululirani kuti wina wamugwira kapena kumunyengerera, musakambirane zoti zithere pompo pofuna kusunga dzina la sukulu. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Za umoyo n'zachidule. Tengani WaterGuard wothira m'madzi akumwa, mapaketi a Thanzi ORS othandiza wotsegula m'mimba, sopo ndi maneti a udzudzu. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa zokwanira za madzi a pamalo podzaza anthu. M'chikwama mwanu mukhale mapadi ndi zitenje ziwiri zapadera, poti mtsikana akhoza kuyamba kusamba ali paulendo ndipo sangauze mphunzitsi wamwamuna. Funsani makolo mwamseri ngati pali mwana wa khunyu, wa mphumu kapena womwa mankhwala tsiku lililonse. Ameneyo anyamule buku lake la kuchipatala, ndipo mankhwala ake mumusungire inu popanda anzake kudziwa.

Ngati atsikana apitirira khumi, pemphani mayi wachiwiri. Mmodzi akathamangira kuchipatala ndi wovulala bondo, wina atsale ndi enawo. Aphunzitsi aakulu akati ndalama palibe, nkhaniyo ipite kukomiti, ndipo ikakanika kumeneko, kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni yanu, ku ofesi yawo ya TDC.

Pobwerera, lole isangotsitsa ana pasukulu n'kutembenuka. Uzanitu makolo nthawi yoti adzawachingamire, ndipo muwaimbire mukamanyamuka. Mwana amene kwawo ndi kutali ndipo palibe wabwera kudzamutenga, agone kwanu, mum'perekeze kukacha.