Za Excel yomwe ikukana kupeza f ya Colebrook

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Goal Seek, chida cha mu Excel chofufuzira nambala yosadziwika, ikungokupatsani #NUM! mukamafuna friction factor (f, nambala yoonetsa mmene paipi imachepetsera mphamvu ya madzi) ya paipi ya madzi ndi ikweshoni ya Colebrook. Laputopu yanu ilibe vuto, nkhani ndi pomwe mukuyambira.

Ikweshoni imeneyi Colebrook anaitulutsa mu 1939 ndipo f ali mbali zonse ziwiri, ndiye ndi algebra wamba simungamusiye yekha mbali imodzi. Kompyuta imangoyesa nambala, kuona kuti yaphonya bwanji, kusintha pang'ono nkuyesanso, ngati mmene timathirira mchere mu ndiwo uku tikulawa. Selo ya f ikakhala yopanda kanthu imayamba ndi 0 nkukupatsani #DIV/0!, ndipo ikalumphira ku negative ndiye square root imakana, #NUM! yanuyo ndi imeneyo. Yambani ndi 0.02, mapaipi ambiri amasewera chapompo.

Koma ineyo ndimakonda njira ina. Tengani x = 1/√f, ikweshoni ikhala x = -2 log(e/(3.7D) + 2.51x/Re), pomwe e ndi roughness (kukhakhala kwa mkati mwa paipi), D ndi dayamita, Re ndi Reynolds number (yoonetsa kayendedwe ka madzi), ndipo log ndi wa base 10. Lembani 7 mu selo yoyamba, selo yapansi iwerengere x watsopano kuchokera pa yapamwambayo, kokerani pansi mizere isanu kapena sikisi, muona nambala zasiya kusintha, basi f ndi 1/x². Palibenso zodina Goal Seek nthawi iliyonse mwasintha dayamita, imadzisinthira yokha.

Chinanso chonde onani ma units. Ine ndili pa attachment ndinkawerengera paipi ya PVC yochokera pa thanki kutsetsereka kumene kuja ku Masasa, roughness ndinalemba 0.0015 ya mamilimita koma dayamita ndinaika mu mamita. Error sinabwere olo imodzi, yankho linatuluka bwinobwino koma head loss (mphamvu yomwe madzi amataya mu paipi) inakwera mpaka kumaoneka ngati madzi safika kumipopi. Ndinachezera usiku wonse ndi kuzizira kwa June kuno ku Mzuzu, bulangete paphewa tiyi atazizira kale, mmawa ndi pomwe ndinaona kuti e/D yakula ka 1000. Zinandiwawa zedi chifukwa tikanagula paipi yaikulu pachabe.

Mukasamukira ku pulogalamu ya MATLAB samalani, kumeneko log ndi natural log, lembani log10. Ndipo Re ikakhala pansi pa 2300 Colebrook musamugwiritse ntchito, flow imeneyo ndi laminar (madzi akuyenda mwabata osavunduka), f ndi 64/Re basi. Mukayesa ponyani screenshot pagulu pano ndi ma formula akuoneka, tione limodzi.