Madigadi omangirira pa foloko ya carbon, nkhani yake ndi mchenga

Achimwene ena a ku Manchester anditumizira email, akuti agula njinga yothamangira ya foloko ya carbon, ilibe timabowo tomangira madigadi, ndiye akufuna aikepo omangirira ndi timalabala aja koma akuopa kuti foloko ingaonongeke. Achimwene mwandiponda pachilonda, khalani pansi kaye.

Njinga yanga yoyamba ya carbon kuno ku UK ndinagula kwa mkulu wina pa intaneti, yogwiritsidwa kale ntchito. Tinakumana madzulo m'nyengo yozizira, mukudziwa kuti kuno 4 koloko kwada kale, mkuluyo kulankhula kokoma, akuti njingayi ndimaisamala ngati mwana, madigadi ndikusiyirani omwewo ulele. Ine kusangalala. Nditafika kunyumba ndikumasula timalabala kuti nditsuke, mayo ine, miyendo yonse iwiri ya foloko inali ndi mizere yokumbika pomwe panadutsa labala, vanishi yonse itatha, pamalopo potuwa mbuu ndipo ukayendetsa chikhadabo chimakodwa. Mkulu uja ankadziwa, nchifukwa chake sanawachotse madigadiwo. Foni sanayankhenso. Makaniko amene ndinamuonetsa anayang'ana ndi tochi, kugogoda ndi kobiri kumvetsera kulira kwake, nkunena kuti yadyeka ndi vanishi yokha ulusi sunakhudzidwe, koma ndinkayendabe mtima uli m'mwamba makamaka potsetsereka, chifukwa foloko ikathyoka umayamba ndi mano kufika pansi.

Anthu amaganiza kuti carbon ndi dzira, ukangoimanga ndi labala iphwanyika. Ayi ndithu. Ndi ulusi wolimba kwambiri womatidwa ndi guluu wouma gwa wotchedwa resin, pamwamba nkupaka penti ndi vanishi, labala payekha sangaitani. Chimene chimadya ndi mchenga. Misewu ya kuno m'nyengo yozizira makhonsolo amathira mchere kuti isaterere, ndiye madzi a mchere, matope ndi timiyala zimalowa kunsi kwa labala, madigadi akunjenjemera ulendo wonse, basi zili ngati mayi akukwecha poto ndi mchenga pa mjigo, kusiyana kwake nkuti uyu akukwecha malo amodzimodzi miyezi yonse ya mvula.

Ndipo apa ndinene, opanga njinga amandikwiyitsa. Dziko loti mvula imagwa chaka chonse, makalabu ambiri a njinga amafuna ukhale ndi madigadi m'nyengo yozizira kuti usamathire matope kumaso kwa mnzako wa m'mbuyo, koma iwo akugulitsa njinga ya ndalama zankhaninkhani yopanda ndi kabowo kamodzi komwe ka bauti. Njinga ya kabaza ku Dedza ili ndi madigadi achitsulo omangidwa ndi mabauti kuchokera ku fakitale, palibe amadandaula. Akuti mabowo amaononga maonekedwe, maonekedwe a chani munthu msana uli ndi mzere wa matope mpaka m'khosi? Ine pano njinga yopanda mabowo sindigulanso, kaya ipepuke bwanji. Komanso taonani mpata wa pakati pa tayala ndi foloko, njinga zakale zija za mabuleki ogwira limu ukaika tayala la 28mm mpata watha, nchifukwa chake madigadi omangirira ndi timalabala otchedwa SKS Raceblade amayambira kuseri kwa foloko osadutsa kunsi kwake, madzi ena amakupezabe ku mapazi koma bola.

Zoti muchite

Tsukani foloko, pukutani ndi spiriti wotsukira wotchedwa isopropyl alcohol, iume gwa. Matani helicopter tape, ndi tepi yoonekera ya polyurethane yomwe inapangidwira kuteteza mapiko a helikoputa, ya kampani ya 3M imapezeka mosavuta. Idulidwe yotambalala kuposa labala ndipo izungulire mwendo wonse, makona muwadule mozungulira kuti isamatuke. Timapepala tomata tobwera m'bokosi la madigadi timakhala tating'ono, musadalire tokhato. Tepi yakuda ya magetsi imathandiza mukasowa pogwira koma imadyeka msanga ndipo guluu wake amasanduka phala. Ena amakulunga legeni ya chubu chakale, ili bwino pamwamba pa tepi, koma payokha imangosunga mchenga womwewo.

Mangani kuti madigadi asagwedere, ogwedera ndi amene amakwecha, koma ngati mukugwiritsa ntchito ma cable tie, timalamba tapulasitiki tomangira tija, musakoke ndi pulayala. Ndipo muziwamasula pafupipafupi nkutsuka kunsi, izi ndi zomwe aliyense amachita nazo ulesi, tepi ikayamba kutuwa sinthani. Mukapeza kuti pakumbika mpaka ulusi ukuoneka, kapena pali mng'alu, kapena pakubonyoka mukadina ndi chala, njingayo musakwerenso mpaka makaniko wodziwa za carbon aione.