Mafunso ndi Mayankho: Masiku Akatha pa Pasipoti ku South Africa, Chindapusa Chake Ndi Ndalama Zingati?

FUNSO

Zikomo akonzi. Achemwali anga anapita ku Johannesburg pa basi kukadwazika mwana wawo wamkazi amene anachira kudzera pa opaleshoni. Pa chipata cha Beitbridge anawapatsa masiku 30, koma popeza wodwalayo anachedwa kupeza bwino, masikuwo anatha ndipo pano apyola ndi masabata atatu. Munthu wina wogwira ntchito pa basi wawauza kuti apereke marandi 1,500 kuti awakonzere pasipoti, pomwe ena akuti angosunga ndalama yokalipira chindapusa pa boda. Kodi chindapusacho ndi ndalama zingati, kuti tisonkhe pachibale tiwatumizire?

Bambo wa ku Mangochi

YANKHO

Bambo, ndalama imene mukufuna kusonkhayo ikhale ya tikiti ya basi, ndipo muitumize lero lomwe. Dziko la South Africa linasiya kulipiritsa chindapusa alendo opyola masiku awo pa 26 May 2014, pamene malamulo atsopano otsatira lamulo la Immigration Act la 2002 anayamba kugwira ntchito. Kale munthu ankatha kulipira n'kubweranso mwezi wotsatira, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu amene anayenda ku Joni zaka za m'mbuyomo amakambabe za chindapusa. Lero wopyola masiku akafika pa chipata potuluka amalembedwa kuti ndi munthu wosafunika m'dzikomo, amapatsidwa pepala lotchedwa Form 19, ndipo amaletsedwa kulowanso kwa nthawi yoikika.

Kutalika kwa chiletsocho kumatengera masiku amene munthu wapyola. Amene wapyola ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kwa miyezi 12. Amene wachita zimenezi kachiwiri pasanathe miyezi 24 amaletsedwa kwa zaka ziwiri, ndipo amene wapyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Apa ndiye pagona nkhani ya achemwali anu. Masabata atatu ndi masiku 21, kutanthauza kuti pamene munkalemba kalatayi anali atatsala ndi masiku 9 okha kuti chilango cha chaka chimodzi chisanduke cha zaka zisanu. Amawerenga mpaka tsiku limene chidindo chotulukira chamenyedwa pa Beitbridge, osati tsiku limene munthu wagula tikiti kapena kukwera basi ku Johannesburg. Choncho asasungitse malo pa basi yonyamuka tsiku lomaliza, chifukwa basi imatha kuwonongeka pa msewu, ndipo mzere wa pa Beitbridge, makamaka nyengo ya tchuthi, umatha kudya usiku wonse. Kwa gogo amene mdzukulu wake wangobadwa kumene, kusiyana kwa chaka chimodzi ndi zaka zisanu n'kwakukulu kuposa ndalama iliyonse imene banja lingasonkhe.

Za munthu wa pa basiyo, malangizo athu ndi akuti asam'patse pasipoti ngakhale kwa ola limodzi. Chimene anthu otere amachita ndi kudinda zidindo zabodza, kapena kupereka chiphuphu kuti pasipoti idindidwe mwini wake asanafike pa chipata, kuti zioneke ngati anatuluka pa nthawi yake n'kulowanso. Vuto lake n'lakuti kulowa ndi kutuluka kwa munthu aliyense kumalembedwanso mu kompyuta, ndipo wa pa basi wochokera ku Malawi amadutsanso Mozambique ndi Zimbabwe, kumene pa Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda amadindanso zidindo zawo. Madeti akapanda kugwirizana, ofisala sachedwa kuzindikira. Gawo 29 la lamulo lija limaika munthu wopezeka ndi viza kapena chiphaso chachinyengo m'gulu la anthu oletsedwa, ndipo chiletso chimenecho sichitha chokha pakapita zaka monga chimachitira cha wopyola masiku: chimachoka pokhapokha mkulu wa Home Affairs, nthambi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, atavomera kuchichotsa. Munthu amene akanangodikira miyezi 12 amakhala wagula mlandu waukulu ndi ndalama zake zomwe.

N'chimodzimodzinso ndi aliyense amene angawaitanitse ndalama pa chipata ponena kuti ndi chindapusa. Kuyambira mu April 2023 zipata za South Africa zili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority, koma lamulo lokhudza opyola masiku ndi lomwe lija, ndipo ndalama yoperekedwa pa windo popanda lisiti ya boma ndi chiphuphu basi.

Kungokhala phee kuopa chiletso nakonso sikuthandiza. Kukhala m'dzikomo masiku atatha ndi mlandu umene khoti likhoza kulamula kuti munthu akakhale kundende mpaka zaka ziwiri, ndipo ogwidwa ndi apolisi kawirikawiri amatumizidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira kubwezedwa kwawo. Wotuluka yekha amayenda ndi katundu wake, pa basi imene wasankha yekha.

Akalandira Form 19 aisunge bwino, isapindike m'chikwama cha zovala kapena kutayika panjira, popeza lamulo limalola kupempha kuti chiletso chichotsedwe ngati panali chifukwa chomveka. Pempholi limapita ku Home Affairs, ndipo liyenera kukhala ndi kalata yofotokoza chimene chinachititsa kuti apyole masiku, kope la Form 19, makope a masamba a pasipoti kuphatikizapo tsamba la chithunzi, ndi umboni wa zimene akunenazo. Pachifukwa chimenechi, asananyamuke apemphe kalata ya dokotala ku chipatala kumene mwana wawo anagonekedwa, yosonyeza tsiku la opaleshoni ndi tsiku limene anatulutsidwa, chifukwa kuitsatira ali kale ku Mangochi kudzakhala kovuta. Dziwani kuti amene anadwala ndi mwana wawo, osati iwowo, kotero kalata yawo ifotokoze momveka kuti panalibe wina wosamalira wodwala ndi khanda. Pempho litumizidwe mwamsanga akangofika, ndipo asayerekeze kubwerera pa Beitbridge asanalandire kalata yovomereza kuti chiletso chachotsedwa.

Ulendo wina, ayang'ane chidindo asanachoke pa windo, popeza ofisala ali ndi mphamvu yopereka masiku ochepera 30. Akaona kuti matenda akutalika, pempho lowonjezera masiku limaperekedwa ku maofesi a VFS Global, kampani yolandira mapempho a viza m'malo mwa Home Affairs, masiku akadalipo, osati atatha.

FUNSO

Ndimachita geni yoodetsa katundu ku Dubai. Kodi nako kulibe chindapusa monga ku South Africa?

Mayi wa ku Limbe

YANKHO

Mayi, kumeneko chilipo, ndipo chimakwera tsiku ndi tsiku. Dziko la United Arab Emirates limalipiritsa madirihamu 50 pa tsiku lililonse limene mlendo wapyola, moti wopyola ndi masiku 20 ayembekezere kulipira madirihamu 1,000, ndipo ngongoleyo imayenera kuthetsedwa munthu asanaloledwe kukwera ndege. Palinso vuto lina kwa amene viza yawo inadzera ku kampani yokonza maulendo: kampaniyo ndi imene imayankha mlandu mlendo wake akapanda kutuluka, choncho imatha kukanena kwa akuluakulu kuti munthuyo wathawa, zimene zimavutitsa kupeza viza ina mtsogolo. Ngati katundu wanu wachedwa kupakidwa, pemphani kuwonjezera masiku kudzera kwa amene anakukonzerani viza tsiku lomaliza lisanakwane, ndipo musunge lisiti ya zimene mwalipira pamodzi ndi pasipoti mpaka mutatera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport.