Mwana waphunzira zamagetsi, akufuna mpamba: timupatse nthawi yovuta ino?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lizulu: "Ndimalima kachewere ndi kabichi. Mwana wanga wamaliza maphunziro a zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja ndipo ali ndi Grade 2 ya trade test, koma ntchito sikupezeka. Akufuna timupatse ndalama za kachewere wa chaka chino kuti ayambe bizinesi yakeyake yoika magetsi m'nyumba. Bambo ake akukana, akuti zinthu zadula ndipo anthu sakumanga. Ine mtima uli pawiri."

Mayi, bambo akunena zoona pa mbali imodzi. Zinthu zadula, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mwana wanu adzagwire pa ntchitoyi, kaya waya, soketi, switchi, babu kapena batire, chimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022, kenako ndi 44 peresenti mu 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Koma sindikugwirizana nawo kuti ntchito kulibe. Amisiri ambiri amene ndawaona akugwa anali ndi ntchito m'manja. Chinawagwetsa n'chakuti ankagwirira anthu ntchito ndi ndalama zawo, eni nyumba n'kumalipira mochedwa, ndalamayo itatha kale mphamvu.

Nayi njira imene zimachitikira. Munthu wamanga nyumba ku Mlangeni, wauza mmisiri kuti amuwerengere. Mmisiri wanena mtengo umodzi wa zonse, zipangizo ndi ntchito pamodzi, pakamwa chabe. Mwini nyumba wapita kukasaka ndalama, wabwera patatha miyezi iwiri n'kunena kuti "paja tinagwirizana zakuti." Pamenepo mpukutu wa waya wakwera kale. Mmisiri akuchita manyazi kusintha mawu, makamaka ngati mwini nyumbayo ndi wa mpingo umodzi kapena ndi malume ake a mnzake. Ndiye amagwira ntchito yonse, phindu lake n'kuthera m'sitolo ya zipangizo. Ena akaona choncho amathawira ku waya wotchipa, wooneka bwino kunja koma mkuwa wake wochepa kapena wongopakidwa pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Waya wotero umatentha, ndipo nyumba ikapsa dzina la mmisiri limapsera pomwepo.

Choncho mwana wanu aphunzire kulemba kotesheni, pepala losonyeza mtengo wa ntchito, asanaphunzire kusaka makasitomala. Pepala likhale ndi zigawo ziwiri zosiyana: zipangizo pazokha, ntchito ya manja ake payokha. Alembe tsiku, alembenso kuti mitengo ya zipangizoyi igwira ntchito masiku asanu ndi awiri okha. Alembe kukula kwa waya uliwonse, saizi 1.5 wa mababu, 2.5 wa masoketi, 6 wa kuka (chophikira cha magetsi), kuti mwini nyumba asadzagule waung'ono n'kumati "ndi womwewo." Zipangizo agule mwini nyumba, apite limodzi kusitolo ngati kungatheke, kapena apereke ndalama yonse ya zipangizo ndipo zigulidwe sabata yomweyo. Ndalama ya zipangizo ikagona m'thumba kapena mu Airtel Money, imachepa yokha, komanso maliro ndi matenda saona kuti ndi ya kasitomala.

Ndalama ya ntchito alandire m'magawo: gawo loyamba akamaliza kusema khoma ndi kuika mapaipi, lachiwiri akakoka mawaya, lomaliza akamangirira masoketi ndi kuyesa zonse. Wina akalephera kulipira gawo loyamba, ntchito iime pomwepo mwaulemu. Kuno kwathu timaopa kuoneka ouma mtima, koma sitolo sikongoza waya chifukwa cha chibale.

Tsopano za ndalama zanu za kachewere. Ndikanakhala inu sindikanapereka zonse, ndipo sindikanapereka m'manja. Mmisiri wogwira ntchito mwa njira ndafotokozayi safuna mpamba waukulu, chifukwa sagula katundu wosunga. Safuna shopu ya lendi, safuna chikwangwani chachikulu, safuna anyamata olipidwa pamwezi. Wothandiza kusema khoma amutenge pa ganyu, ntchito ikatha asiyane. Chofunika ndi zida zabwino: multimeter (choyezera magetsi) yodalirika, chipangizo choyesera ngati waya sakutaya magetsi, drill, mapulayala ndi masikuludiraiva otetezedwa, makwerero. Mugule zimenezo muli naye, musunge malisiti.

Ndalama ina ipite ku mapepala, ndipo apa musanyalanyaze. Satifiketi ya kusukulu ndi trade test zimasonyeza kuti anaphunzira, koma chilolezo choika magetsi m'nyumba za anthu chimachokera ku MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. ESCOM isanalumikize nyumba, imafuna kuti ntchitoyo ikhale yosainidwa ndi mmisiri wa chilolezo. Anyamata ambiri opanda chilolezo amagwira ntchito yonse kenako n'kukalipira wina kuti awasainire, phindu n'kugawana ndi munthu amene sanakwere n'komwe padenga. Ngati sanakwanitse zofunika kuti apatsidwe chilolezo, ayambe wagwira pansi pa mmisiri amene ali nacho, uku akukonzekera Grade 1, yomwe ndi yapamwamba kuposa Grade 2. Imeneyo si nthawi yotayika. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kutenga TPIN (nambala ya msonkho) ku MRA kudzafunika akafuna ntchito za sukulu, mipingo ndi mabungwe. Koma ntchito zazikulu zimene amalipira ikatha, nthawi zina patapita miyezi, azisiye kaye. Zimafuna munthu wa thumba lakuya.

Bambo akuti anthu sakumanga. Ngakhale zitatero, zomangidwa kale zimawonongeka. Kuyambira Kampepuza, Tsangano Turn-off, Lizulu mpaka Bembeke ndi Dedza boma kuli zigayo, mashopu owotcherera zitsulo, malo ometera, magolosale a mafiriji. Mota ya chigayo ikaima, mwini wake sadikira kuti akolole, amalipira tsiku lomwelo chifukwa ola lililonse akutaya ndalama. Mmisiri wodziwa mamota akuluakulu a three phase ndi masitata ake (zida zoyatsira mota) sakhala pansi. Ngati mwana wanu anaphunzira zimenezi pang'ono chabe, akadziphatike kwa wozidziwa.

Kwinanso ndi sola. Chimphepo cha Ana chitawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo anthu anaphunzira kusadalira magetsi a ESCOM okha. Ku Golomoti komweko kuli munda wa sola wa mamegawati 20. Alimi anzanu a madimba akugula mapampu a sola, koma ambiri amangolumikiza mwachisawawa, batire n'kufa miyezi yochepa. Wodziwa kuwerengera kukula kwa panelo, batire ndi inveta (chosintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM) molingana ndi katundu wa m'nyumba ali ndi msika ngakhale m'midzi imene mapolo sanafike. Afunse ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro aafupi a sola.

Chinthu china mumachidziwa kuposa ine: ndalama kuno zimayenda ndi nyengo. Anthu akagulitsa mbewu amamanga ndi kukonza, koma Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii. Mumuphunzitse zimene mumachita inu ndi ndalama ya feteleza. Azidzilipira malipiro okhazikika, yotsala ikhale ya bizinesi, pa nambala ya foni yosiyana ndi imene amagulira mayunitsi ndi ndiwo. Kope la sukulu likwanira kulembamo zolowa, zotuluka ndi amene ali naye ngongole.

Kwa bambo, mukawauze kuti simukuponya kachewere yense m'madzi. Mugule zida ndi kulipira mapepala, ngati ngongole yoti abweze pang'onopang'ono. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mukhale pansi atatu, kope lija lili patebulo. Likaonetsa kuti ntchito zikulipidwa ndipo ngongole za anthu n'zochepa, pamenepo mukambirane za njinga yamoto imene ndikudziwa kuti wayamba kale kuitchula.