Yankho kwa achemwali pa nkhani ya fizikisi ya chaka choyamba

Achemwali, uthenga wanu wa dzulo usiku ndaumva, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali kuti ndiilembe pa foni. Mwafunsa chifukwa chimene mwana wathu, amene anasankhidwa kukachita bayoloje ku yunivesite, akumuphunzitsiranso fizikisi. Mwafunsanso ngati kulephera kwake pa mayeso a pakati pa semesita kukusonyeza kuti aphunzitsi ake ndi ankhanza, popeza pa MSCE phunziro lomweli analikhoza bwino. Aphunzitsi akewo sindingawaweruze ndisanaone pepala lake, koma phunziroli ndaliphunzitsa kwa zaka zambiri, choncho ndikuuzani zimene ndimaona m'kalasi mwanga.

Funso loyambalo ndi losavuta. Thupi la munthu, mtengo wa m'nkhalango ndi nsomba ya m'nyanja zimamvera malamulo omwewo amene mwala umamvera. Mukagonekedwa m'chipatala, namwino amapachika dripi pamwamba chifukwa kutalika kwa pamene yapachikidwa ndiko kumapatsa madziwo mphamvu yolowera mu mtsempha. M'zaka za m'ma 1840, dokotala wina wa ku France dzina lake Poiseuille anafufuza mmene madzi amayendera m'timapaipi tating'ono pofuna kumvetsa kayendedwe ka magazi, ndipo anapeza kuti paipi ikachepa ndi theka m'mimba mwake, madzi odutsamo sachepa ndi theka ayi, koma amatsala gawo limodzi mwa magawo 16 ngati mphamvu yowakankha sinasinthe. N'chifukwa chake mtsempha ukangophinjika pang'ono mtima umavutika kwambiri. Maikulosikopu imene mwana wathu adzaonere tizilombo ta malungo ili ndi malire amene kuwala kwenikweniko kumaika, kotero kuti mavairasi ambiri sangaoneke nayo ngakhale galasi lake litakhala labwino chotani. Wophunzira bayoloje amene sadziwa zimenezi amagwiritsa ntchito chida chimene sakuchimvetsa.

Funso lachiwiri ndi limene ndikufuna kukhalitsapo. Ku sekondale ana ambiri amakhoza fizikisi poloweza mafomula, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa mafunso a mayeso amabwerezabwereza ndipo kuloweza kumawapindulira. Akafika kwa ife ku yunivesite timawafunsa funso lopanda nambala ngakhale imodzi. Tsiku loyamba ndimawafunsa kuti, munthu akaponya bango m'mwamba, pa kamphindi kamene laima lisanayambe kubwerera pansi, ndi mphamvu yanji imene ikuligwira? Ambiri amayankha kuti palibe, poganiza kuti chinthu chikaima ndiye kuti palibe chikuchikoka. Komatu dziko likulikokabe monga linkalikokera pokwera, ndipo likanaleka bangolo likanakhala m'mwamba momwemo. Ndimafunsanso za lole yodzaza simenti imene yawombana ndi minibasi, kuti ndi iti imene yakankha inzake mwamphamvu kuposa. Pafupifupi kalasi yonse imaloza lole. Lamulo lachitatu la Isaac Newton, katswiri wa sayansi wa ku England, limene analisindikiza mu 1687, limati mphamvu ziwirizo ndi zofanana ndendende, ndipo minibasi imaphwanyika kwambiri chifukwa ndi yopepuka komanso yosalimba. Chodabwitsa n'chakuti ana omwewo lamulolo amalinena pamtima osaphonya liwu.

Pali vuto linanso limene ndi lathulathu. M'Chichewa mawu akuti mphamvu timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zimene fizikisi imazilekanitsa, zomwe pa Chingerezi amati force, energy ndi power. Kukankha wilibala ndi china, chakudya chimene thupi lawononga pokankhapo ndi china, ndipo changu chimene ntchitoyo yagwiridwira ndi chinanso. Mwana amene amaganiza m'chinenero chathu, monga ine ndemwe ndimachitira, amazimva zonsezi ngati chinthu chimodzi mpaka wina atamukhazika pansi n'kumulekanitsira. Ine ndimatha mlungu wathunthu pa kusiyana kumeneku, ndipo nthawi zambiri ndimatengera chitsanzo pa magetsi a ku Nkula pa mtsinje wa Shire, pamene kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene akugwera zimatiuza energy, koma madzi odutsa pa sekondi iliyonse ndi amene amatiuza power.

Musaganize kuti vuto la kuloweza ndi la ana a kuno okha. Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku America, anazindikira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti ophunzira ake ankakhoza masamu ovuta koma ankalephera mafunso onga a lole ndi minibasi aja. Anasintha kaphunzitsidwe kake, ndipo njira yake ndi imene ndimatsata. Ndimafunsa funso, aliyense n'kusankha yankho payekha pokweza dzanja, kenako ndimawauza kuti aliyense atsutsane ndi amene wakhala naye pafupi kwa mphindi ziwiri, n'kusankhanso. Kawirikawiri ulendo wachiwiri okhoza amachuluka ine ndisananene kanthu, chifukwa mwana amene wangomvetsa kumene amakumbukira bwino pamene anasokonekera, pamene ine ndinaiwala kale. Ndivomereze kuti m'holo ya anthu mazana angapo phokoso limakula, ndipo silabasi imatsalira m'mbuyo. Anzanga ena pa ntchito sagwirizana nane pa chifukwa chimenechi, ndipo mfundo yawo si yopanda nzeru.

Ku labu nako ana amataya malikisi mosayenera. Timawapatsa chingwe cha mita imodzi chomangirira kachitsulo, kuti achilendewetse ndi kuwerenga nthawi ya maulendo 20, ndipo ulendo umodzi wopita ndi kubwerera umatenga pafupifupi masekondi awiri. Kuchokera pamenepo amayenera kupeza mmene dziko limakokera zinthu, nambala imene buku limati ndi 9.8. Ena akapeza 9.4 amachita mantha n'kusintha zimene anayeza kuti zifanane ndi buku. Ine ndimapereka malikisi ambiri kwa amene walemba 9.4 n'kufotokoza kuti mwina anachedwa kudina wotchi kapena anayeza chingwe molakwika, chifukwa mawa mwana ameneyu adzakhala akuyeza magazi a munthu kapena madzi a pa mjigo, ndipo chizolowezi chokonza nambala kuti isangalatse abwana chimayambira pa zinthu zazing'ono ngati chingwe chimenechi.

Tsono kwa mwana wathu, mumuuze kuti kulephera mayeso a pakati pa semesita si kuchotsedwa sukulu, ndipo nthawi yokonza zinthu ikadalipo. Asayambe funso lililonse pofunafuna fomula. Ayambe wajambula chithunzi cha zimene zikuchitika, aikepo mivi yosonyeza chilichonse chimene chikukankha kapena kukoka, ndipo anene m'mawu ake, ngakhale m'Chichewa, zimene akuyembekeza kuti zichitike asanagwire kakyuleta. Abwerezenso masamu a ma angle ndi kawerengedwe ka magirafu, pakuti theka la amene amati fizikisi yawakanika, chawakanika kwenikweni ndi masamu a Fomu 3. Apeze anzake awiri kapena atatu oti azitsutsana nawo, osati oti azikopera ntchito yawo, ndipo asaope kugogoda pa ofesi ya aphunzitsi ake, chifukwa ambiri a ife timakhala pa maola amene tinalengeza popanda wobwera.

Mumuuzenso kuti ajambule pepala lake lija, masamba onse pamodzi ndi pamene aphunzitsi analemba ndi inki yofiira, anditumizire kumbali osati pa gulu pano. Ndikaliona ndidziwa ngati vuto lili pa masamu kapena pa kamvedwe, ndipo Loweruka madzulo ndimuimbira.