Kusamuka pa PostgreSQL 12: kodi Loweruka limodzi likwanira?

Funso: Akonzi, ndimayang'anira makompyuta pa SACCO ina ku Zomba, ndipo zonse zokhudza masheya, ngongole ndi ndalama za mamembala zili mu database ya PostgreSQL 12. Ndamva kuti mtundu umenewu anasiya kuukonza, ndipo abwana akuti ndiike mtundu wa 17 Loweruka likudzali. Kodi n'zotheka kudumpha chonchi, nanga ndiyambire pati? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Zimene mwamvazo n'zoona. Mtundu waukulu uliwonse wa PostgreSQL umasamalidwa zaka zisanu, ndipo 12, umene unatuluka mu 2019, unasiya kulandira zigamba zotseka mipata ya akuba mu Novembala 2024. Kudumpha n'kotheka, chifukwa pulogalamu ya pg_upgrade imatha kukuchotsani pa 12 n'kukufikitsani pa 17 osaima panjira. Koma Loweruka likudzali layandikira kwambiri, ndipo ndikupemphani mukawafotokozere abwana mwaulemu kuti ndalama za anthu siziyenera kusamutsidwa musanayesere kaye pambali.

Kuyesererako ndiye ntchito yeniyeni. Tengani backup (kopi ya zonse zili mu database) ndi pulogalamu ya pg_dumpall, muibwezeretse pa kompyuta ina, chifukwa backup imene simunaibwezeretsepo simungadziwe ngati ili yamoyo. Pa kompyutayo ikani 17 pambali pa 12, yendetsani pg_upgrade --check kuti ikuuzeni zimene zingakane, monga ma extension (mapulogalamu owonjezera) amene sanaikidwe mbali yatsopanoyo, kenako samutsani muli ndi wotchi m'manja. Mukatero itanani mmodzi mwa olandira ndalama pakauntala, alowetse malipiro a ngongole, asindikize lisiti ndi sitetimenti ya membala monga amachitira tsiku lililonse, pakuti iyeyo ndi amene angaone msanga chimene chasokonekera.

Samalani kwambiri za mapasiwedi. Kuyambira pa 14, mapasiwedi atsopano amasungidwa mwa njira ya scram-sha-256 m'malo mwa md5, ndipo pulogalamu yakale ya pakauntala ikhoza kulephera kulowa. Mafayilo a makonzedwe a seva, pg_hba.conf ndi postgresql.conf, sasamuka okha, muyenera kuwaunika ndi kuwakonza nokha. Ngati mukusinthanso Linux nthawi yomweyo, zimene ine sindingakulangizeni, dziwani kuti glibc 2.28, mbali ya Linux imene PostgreSQL imadalira posanja mawu, inasintha kasanjidwe ka zilembo, choncho ma index (mindandanda yofufuzira msanga) a mayina a mamembala angafunike kumangidwanso ndi REINDEX.

Mudzaona ena akuyamikira njira ya pg_upgrade --link, imene siikopera mafayilo, chifukwa imatha m'mphindi zochepa. Liwirolo lili ndi mtengo wake: seva yatsopano ikangoyatsidwa, yakaleyo simungaidalirenso, chifukwa zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito mafayilo amodzimodzi. Database ya SACCO nthawi zambiri siikhala yaikulu moti n'kulephera kuikopera yonse, choncho koperani, yakaleyo ikhale chilili kuti zikavuta mubwerere.

Tsiku losamuka lisakhale kumapeto kwa mwezi, pamene malipiro ndi zodula za ngongole zimalowa. Onetsetsani kuti UPS ndi jenereta zili bwino, gwirizanani ndi abwana ola limene mudzabwerere pa 12 ngati zinthu sizinalongosoke, ndipo mukamaliza yendetsani vacuumdb --all --analyze-in-stages kuti database isonkhanitsenso ziwerengero zoithandiza kufufuza msanga, apo ayi Lolemba m'mawa malipoti adzachedwa kutuluka mamembala ali pamzere.