Achemwali, puloti ya mayi musagulitse, koma nyanja musaitaye mtima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Wandilola kuti ndimuyankhe poyera bola dzina lake ndisatchule. Akuti anamaliza maphunziro a zachilengedwe chaka chatha, ntchito sinapezekebe, ndipo waona pa Facebook bungwe lina lakunja likuitana achinyamata kuti akagwire ntchito yongodzipereka yoteteza makorali ndi zamoyo za m'nyanja yamchere kwa milungu inayi. Bungwelo likufuna alipire madola oposa 2,000, ndalama ya ndege ndi viza n'zapadera. Mayi ake anena kuti ngati ndi mwayi weniweni angathe kugulitsa puloti yawo. Funso lake ndi ili: "Kodi ndipite? Nanga munthu wochokera dziko lopanda nyanja yamchere ngati ine angakathandize chiyani? Kusambira ndimangodziwa pang'ono."

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi chimene chikundivutitsa kwambiri mumtima: puloti ya mayi musagulitse chifukwa cha milungu inayi. Koma chikhumbo chimene muli nachocho n'chabwino, ndipo njira yokafikira kunyanja ilipo, kungoti siyoyambira pabwalo la ndege la Kamuzu.

Anthu ambiri kuno kwathu akaona chithunzi cha makorali amayesa ndi miyala yokongola kapena maluwa a pansi pa madzi. Makorali ndi nyama. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala pamodzi miyandamiyanda, ndipo kalikonse kamadzimangira kanyumba kolimba ka laimu. Tizilomboti tikafa, tina timamanga pamwamba pake, mpaka patapita zaka mazanamazana pamakhala thanthwe lalikulu. Mkati mwa thupi la tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa ngati mmene amachitira masamba a chimanga. Korali amapatsa ndere pogona, ndere zimapatsa korali chakudya ndi mtundu wake wokongolawo. Madzi akatentha kuposa mmene amatenthera nthawi zonse, ngakhale ndi digiri imodzi yokha, n'kukhala choncho kwa milungu ingapo, korali amatulutsa ndere zija n'kutsala woyera mbee. Apo sanafe, koma ali ndi njala. Kutenthako kukapitirira, amafa.

Matanthwe amenewa satenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, komabe pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja yamchere umadalira iwo. Ndi mmene nsomba zimaswerana ndi kubisalamo, ndiponso ndi amene amaswa mphamvu ya mafunde asanafike pamidzi ya m'mphepete mwa nyanja. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita kumwera mu 2023 sitifunika kuuzidwa kufunika kwa chinthu chotchinga madzi.

M'chaka cha 1998, nthawi ya El Niño, nyanja ya Indian Ocean inatentha kwambiri moti makorali ochuluka ku Seychelles, Kenya ndi Tanzania anafa. Vuto lomweli linabweranso padziko lonse mu 2010, kenako kuyambira 2014 mpaka 2017, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America, loona za nyanja ndi nyengo, linalengeza kuti lachitikanso kachinayi. Ngakhale thanthwe lotchuka la Great Barrier Reef ku Australia, lotalika makilomita pafupifupi 2,300, lomwe lili ndi akatswiri ndi ndalama zambiri zolisamalira, linayera mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Ndikunena izi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. El Niño yemwe amatiumitsira chimanga ku Mitundu ndi ku Nsanje ndi yemweyo amatenthetsa madzi kwa anzathu a kugombe. Kutentha kwa dziko si chinthu chimene mlendo angachikonze pa milungu inayi.

Ndiye chotheka n'chiyani? Korali amene sakuvutitsidwa ndi zinthu zina amachira msanga madzi akazizira. Zinthu zinazo ndi zimene anthu angathe kuzigwira ndi manja: kupha nsomba ndi mabomba, monga zinavutira kwa zaka zambiri kugombe la Tanzania, makoka okokolola pansi, zonyansa za m'mizinda, matope ochokera m'mitsinje amene amaphimba korali kuti asaone dzuwa, komanso kutha kwa nsomba zodya ndere zazikulu zimene zimamera pa thanthwe n'kulitsamwitsa.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Malo ambiri amene nsomba zabwerera, amene anachita ntchitoyo ndi asodzi eni ake. Ku Andavadoaka, mudzi wa kumwera chakumadzulo kwa Madagascar, anthu anagwirizana mu 2004 kutseka kwa miyezi ingapo malo ena ogwirako nyama ya miyendo 8 ija imene a Chiswahili amati pweza. Atatsegula anapeza zazikulu ndiponso zambiri, midzi ina n'kuyamba kutengera. Bungwe la Blue Ventures linathandiza, koma lamulo linali la mudzi. Ku Kuruwitu, kumpoto kwa Mombasa, asodzi anapatula okha kachigawo ka nyanja komwe saponyamo ukonde, ndipo malo otere kumeneko amawatcha tengefu. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ayi ndithu. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, Gogo Chalo Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa ku Mbenji umadziwika mpaka lero. Nzeru imene azungu akuilemba m'mabuku tsopano, agogo athu anayamba kale kuichita pamtunda wa maola ochepa kuchokera ku Lilongwe.

Pajatu mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wobwera milungu inayi amakhala sabata yoyamba akuphunzira kumira pansi pa madzi ndi zida zopumira, yachiwiri akuloweza mayina a nsomba, ndipo pamene wayamba kuwerenga molondola nthawi yonyamuka yakwana. Sindikunena kuti mabungwe onse olipiritsa ndi akuba. Ena ndi oona, ndipo ndalama za alendowo ndi zimene zimagula mafuta a boti ndi kulipira antchito a m'deralo. Koma muzindikire kuti pa dongosolo lotere, chothandiza chachikulu chimene mlendo amabweretsa ndi ndalama yake. Linakonzedwera mwana wa ku Ulaya amene madola 2,000 ndi ndalama ya tchuthi. Kwa inu ndi malo a banja lonse, ndipo ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mmene madola akusowera m'mabanki, puloti ikapita sidzabweranso.

Ineyo ndinapitako kugombe la Kenya zaka zingapo zapitazo, ndipo ndinakhala miyezi iwiri. Ntchito yake si ya pachithunzi ija. Mumadzuka mbandakucha, kunyamula masilinda a mpweya olemera, kutambasula tepi yoyezera pansi pa madzi, n'kusambira pang'onopang'ono motsatira tepiyo mukulemba ndi pensulo pa kabolodi ka pulasitiki: apa korali wamoyo, apa wakufa, apa mchenga, apa ndere. Kumalo obzala makorali mumatenga tizidutswa tothyoka n'kumangirira pa zingwe kapena pa zitsulo ngati nazale ya mitengo, ndipo masiku ambiri ntchito yanu ndi kutsuka ndere ndi kaburashi kuti tizidutswato tisatsamwe. Madzulo ndi kulowetsa manambala mu kompyuta. Tsiku limene sindidzaliiwala ndi limene ndinaona kachidutswa kamene tinamangirira ndikungofika katayamba kutulutsa tinthambi tatsopano, tating'ono ngati nsonga ya chala. Koma chimene ndinathandiza kwenikweni kumeneko sichinali pansi pa madzi. Chinali kukhala pansi ndi amayi ogulitsa nsomba n'kumalemba zimene maboti abweretsa. Anzanga a ku Ulaya ankavutika nazo, ine ndinkangoona ngati ndili pa doko la Senga Bay, ndipo Chiswahili chinandilowa msanga chifukwa ndi chinenero chapachibale ndi chathu. Iwo akati mvua ife timati mvula, akati moto ndi moto womwewo, nyama ndi nyama.

Ndiye funso lanu loti munthu wa dziko lopanda nyanja yamchere angathandize chiyani, yankho langa ndi lakuti muli ndi zambiri, bola muyambire kunyumba. Tili ndi nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko. Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Mbuna zimene zimakhala m'miyala ya kumeneko zimawerengedwa mofanana ndithu ndi nsomba za m'makorali: tepi, kabolodi, maso akuthwa ndi kudekha. Ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear kuli malo ophunzitsa kumira omwe amapereka satifiketi ya PADI, yomweyo yovomerezeka ku Zanzibar kapena ku Australia. Gawo loyamba, Open Water, limakulolani kufika mamita 18, ndipo lotsatira mamita 30. Koma musanafike apo phunzirani kusambira bwinobwino, chifukwa pa maphunzirowo amayesa ngati mungasambire mamita 200 osapuma ndi kuyandama mphindi 10. Nyanja yamchere ili ndi mafunde ndi mikokomo yokoka munthu, si malo ophunzirirapo kusambira muli ndi mantha.

Ntchito yongodzipereka iliponso konkuno. Chambo chikutha, maneti a udzudzu akugwiritsidwa ntchito kukokolola tiana ta nsomba, ndipo makomiti a m'madoko akulimbana nazo tsiku ndi tsiku. Bungwe la Ripple Africa linayamba ntchito yoteteza nsomba pamodzi ndi asodzi ku Nkhata Bay. Ku Bunda, pafupi pomwepa, LUANAR ili ndi dipatimenti ya za nsomba, ndipo aphunzitsi ochita kafukufuku nthawi zambiri amafuna wowathandiza kutolera manambala. Kagogodeni. Miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito yotere pa CV yanu imalankhula kuposa chithunzi cha milungu inayi.

Mukakonzeka, yang'anani kwa anansi athu m'malo moyang'ana kutsidya kwa dziko. Makorali ali pafupi kuposa mmene timaganizira. Basi yochoka ku Lilongwe kudzera ku Karonga ndi pachipata cha Songwe imakafika ku Dar es Salaam, ndipo kuchokera apo Zanzibar ndi ulendo wa sitima ya pamadzi wa maola ochepa. Kumeneko kuli chilumba cha Chumbe chomwe makorali ake akhala otetezedwa kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo kumwera kuli Mafia Island Marine Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1995. Ku Zanzibar komweko kuli likulu la WIOMSA, bungwe la akatswiri a za m'nyanja a chigawo chino, lomwe limalengeza mwayi wa maphunziro ndi thandizo la kafukufuku. Ku Mombasa kuli CORDIO East Africa, ku Shimoni kuli REEFolution yomwe imabzala makorali pamodzi ndi anthu a m'deralo. Ku Mozambique kuli Bazaruto, malo otetezedwa kuyambira 1971, omwe tsopano akuyendetsedwa mothandizana ndi African Parks, bungwe lomwelo limene likusamala Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Ku Tofo, pafupi ndi Inhambane, kuli Marine Megafauna Foundation yofufuza za nsomba zikuluzikulu. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, kuli makorali okongola a Quirimbas, koma kwakhala nkhondo kuyambira 2017, ndiye kumeneko musapite. Alembereni mabungwewa mwachindunji, munene zimene mumatha kuchita, ndipo mufunse ngati ali ndi malo a achinyamata a mu Africa osalipira kapena olipira pang'ono. Ena sadzayankha. Lembaninso.

Za bungwe limene mwaliona pa Facebook lija, lifunseni mafunso olunjika. Linalembetsedwa m'dziko liti? Manambala amene alendo amatolera amapita kwa ndani, ku boma, ku yunivesite, kapena amangothera mu kabati? Pa antchito ake, ndi angati ochokera m'mudzi momwemo, ndipo alipo amene ali pa udindo? Pa ndalama mukulipirazo, ndi zingati zotsala m'deralo? Pemphani kuti mulankhule ndi munthu amene anapitako kale. Funsaninso za inshuwalansi yokhudza ngozi za pomira, chifukwa munthu akatuluka m'madzi akuya mofulumira amatha kudwala matenda ofuna chipinda chapadera cha mpweya, ndipo zipinda zotere sizipezeka paliponse. Bungwe loona silikwiya ndi mafunso amenewa.

Ndipo poti ndinu mwana wamkazi, ndinene mosabisa. Tonse tinamva za alongo athu amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka ali mu ukapolo, mapasipoti atalandidwa. Aliyense wokufulumizitsani kutumiza ndalama pa foni ya munthu, wokuuzani kuti mukalowe ngati mlendo wokaona malo pamene mukukagwira ntchito, kapena wofuna kukusungirani pasipoti, muthaweni. Kulowa m'dziko popanda viza sikutanthauza kuti mwaloledwa kugwiramo ntchito, ngakhale yosalipidwa, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo musananyamuke.

Chomaliza chimene ndimachiganizira ndikamawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kupita ku msika ndi ichi. Madzi ofiira aja, odzaza dothi la ku Dzalanyama komwe mitengo yathera makala, pamodzi ndi majumbo ndi mabotolo, amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kuthira m'nyanja yathu, nyanja n'kutulukira mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi n'kukathera mu Indian Ocean. Ndife olumikizana ndi nyanja yamchere ngakhale sitiiona.

Auzeni mayi kuti ndawapatsa moni, ndipo muwathokoze kwambiri chifukwa si mayi aliyense angafike poganiza zogulitsa malo chifukwa cha maloto a mwana. Mwezi uno pezani wokuphunzitsani kusambira, mulembe kalata yopita ku Bunda, ndipo bungwe lija likayankha mafunsowo munditumizire mayankho ake tiwaonere limodzi.